Asanalembe fomu ya ku yunivesite, muwerengereni ulendo wonse

Zotsatira za Giredi 12 zitatuluka, mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera ku Katete m'mamawa ndisanasukusule n'komwe. Mwana wake wamkazi, amene takhala naye kuno ku Mtendere mu Lusaka kuyambira Giredi 8, anali atapeza mapointi 9. "Achimwene, dokotala uja tamupeza," anatero, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu. Mwini nkhaniyo anali panja akutsuka mbale. Nditamuuza zimene amayi ake anena, anangomwetulira n'kupitiriza kukwecha poto. Madzulo ndi pamene anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga n'kunena motsitsa mawu: "Atsibweni, ine magazi ndimaopa. Ndipo Science ija ndinangoloweza."

Kwathu mwini mbumba ndi atsibweni, choncho mlandu wotere sungagwere pakhomo lina. Komanso ndinakhalapo zaka zingapo mu ofesi yolandira makalata ofunsira ntchito pa kampani ina, ndiye ndinaona ndi maso anga kumene mapepala a sukulu amakathera. Zimene ndinauza mwanayu ndi amayi ake ndi zimene ndikulemba pano.

Makolo athu akamaumirira udokotala, uloya kapena uinjiniya, tisamawaseke. Ali ndi chifukwa. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, anthu a dziko lino okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesite ya Zambia (UNZA) itatsegulidwa mu 1966 inayamba ndi ophunzira 312. Amene ankatuluka nthawi imeneyo ankapeza mipando ya atsamunda ili yopanda anthu, m'boma ndi ku migodi komwe, ndipo ntchito inkabwera ndi nyumba. Mwana mmodzi wotere ankanyamula mudzi wathunthu. Chithunzi chimenechi n'chimene chinatsala m'mitu ya akuluakulu. Koma kuchokera apo kunabwera Copperbelt University mu 1987, Mulungushi mu 2008, kenako makoleji a aphunzitsi monga Nkrumah, Mukuba ndi Chalimbana anasanduka mayunivesite, ndipo mayunivesite omwe si aboma tsopano alipo makumi angapo, ambiri mwa iwo mu Lusaka muno. Madigiri anachuluka mofulumira kuposa ntchito za muofesi. Mwana wa lero akusankha kosi pamsika wina, wosiyana ndi umene agogo ake akuukumbukira.

Mapointi pawokha amanamiza. Bungwe la mayeso la ECZ limapereka giredi 1 mpaka 9 paphunziro lililonse, ndipo kuti ikhale kirediti iyenera kukhala pakati pa 1 ndi 6. Akaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino kwambiri, mpamene pamatuluka nambala ija timaifuula pamsewu, ndipo yaing'ono ndiyo yabwino, 6 ndiye pothera. Kuti munthu ayambe digiri pamafunika makirediti 5, Chingerezi chikhalepo, ndipo makosi ambiri amafunanso masamu. Koma ana awiri a mapointi 9 angathe kukhala anthu osiyana kotheratu. Wathuyu anali ndi 1 pa Chingerezi, masamu, Accounts ndi Civic Education, 2 pa Biology, ndipo 3 pa Science. Pepalalo linkalankhula momveka kuti mutu wake uli kuti. Ife tinangomva nambala yapansi.

Ndiye pali chinthu chimene mabanja ambiri akumudzi sachidziwa mpaka mwana atabwera pa holide ali wowonda. Kwa zaka zambiri dongosolo la pa UNZA lakhala loti wofuna udokotala, uinjiniya, za migodi, za ulimi kapena za ziweto amayamba walowa ku School of Natural Sciences. Chaka choyambacho onse amaphunzira limodzi Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Pakutha pa chaka mpamene amagawidwa potengera mmene akhozera, chifukwa malo m'sukulu iliyonse ndi owerengeka. Ophunzira amati kupanga kota. Taganizani holo imodzi yodzaza ndi ana amene aliyense anali nambala wani kusukulu kwawo, wa ku Chizongwe, wa ku St. Monica's, wa ku David Kaunda, wa ku Hillcrest, onse maso ali pa mipando yomweyo ya ku Ridgeway, kumene kuli sukulu ya udokotala. Mapointi a Giredi 12 amathera pachipata. M'katimo mpikisano umayambira pa ziro, ndipo woloweza uja amaonekera msanga chifukwa palibenso mphunzitsi womuthamangitsa ndi mapepala a mayeso akale. A zamalamulo nawonso akhala akudutsa njira yofanana, kuyamba chaka choyamba kusukulu ina kenako n'kusankhidwa. Mayunivesite ena ali ndi njira zawozawo, ndipo makosi ena amalowetsa mwachindunji, choncho funsani ku ofesi yolembetsa mmene zilili chaka chimene mwana wanu akulowa. Safunsa anadya phula.

Funso limene ndinamufunsa mwana wa mlongo wangayu linali lakuti: ukalowa kumeneko n'kupanda kupeza malo a udokotala, chotsalacho udzachikonda? Chifukwa ambiri amene sapeza kota sachotsedwa sukulu ayi. Amapitiriza ndi digiri ya Chemistry, Biology kapena Physics, maphunziro abwino ndithu kwa amene anawafuna, koma ndi goli lolemera kwa munthu amene anangogweramo. Wotereyu amalowa m'kalasi mtima uli kwina, magiredi amatsika, amayamba kubwereza makosi, ndipo kunyumba sanena chifukwa kutchalitchi analengeza kale kuti akuphunzira udokotala. Ana ena amene timati anasiya sukulu chifukwa cha ulesi, chinawagwetsa ndi manyazi amenewa.

Tsopano ndalama, pamene pagona nkhani yeniyeni. Kale ophunzira a ku yunivesite ya boma ankalandira basare kudzera ku Bursaries Committee, n'chifukwa chake mpaka lero ndalama ikalowa amati BC yatuluka. Mu 2016 lamulo linakhazikitsa bungwe la HELSB m'malo mwa komiti ija, ndipo chimene chimaperekedwa tsopano ndi ngongole. Amene anathandizidwa kuyambira 2004 akubweza, ambiri mwa iwo podulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo mwa opatsidwawo ena amalandira yokwanira fizi yonse, ena gawo chabe, kwinako banja lidzionere. Ndalama ya chakudya inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, zomwe zikutiphunzitsa kuti thandizo la boma likhoza kusintha mwana ali pakati pa mtsinje. Ukalephera n'kubwereza chaka, kawirikawiri umadzilipirira wekha.

Fizi ndi imene imalembedwa pakalata. Zimene zimatha munthu mphamvu sizilembedwa. Malo ogona m'mahositelo sakwanira, ndiye ana amapanikizana m'chipinda chimodzi, kumene amati kusikwata, kapena amakachita lendi bedi m'maboarding house a ku Kalingalinga, Kalundu ndi madera ena ozungulira. Pali basi, ufa, makala, mabandulo a intaneti, kusindikiza maasainimenti, laputopu ikafa, ndi miyezi ya attachment imene mwana amapita kuntchito tsiku lililonse osalandira kanthu. Chaka choyamba sichivuta. Abale onse amakhala ndi moto, wina wagulitsa mbuzi, wina wapereka chilimba chake, azakhali agula bulangete. Chaka chachiwiri osonkha amachepa. Chachitatu kwagwa maliro, mng'ono wake walowa sekondale yogonera konko, kapena mvula yakana monga inachitira mu 2024 pamene chilala chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse. Nthawi imeneyo foni ya atsibweni imayamba kusapezeka. Sukulu zambiri sizilola munthu kulemba mayeso kapena kuona zotsatira zake ngati ali ndi ngongole, ndipo apa mpamene mabanja amagwera m'manja mwa a kaloba.

Ine ndinatenga kope n'kujambula mizere. Digiri wamba ndi zaka 4, uinjiniya 5, udokotala 6 kapena 7. Pamzere uliwonse tinalemba fizi, lendi ndi chakudya, kenako dzina la munthu amene adzalipire, osati "abale" koma munthu weniweni, ndi kumene adzaichotse, kaya ndi malipiro, kaya ndi matumba a soya ndi mtedza. Kumapeto ndinawonjezera mzere wa chaka china chimodzi, cha mwina. Kosi imene mizere yake yomaliza ikukhala yopanda dzina ndi kosi yoti muiganizirenso, ngakhale dzina lake litakoma bwanji pakamwa.

Chifukwa chake ndinachiona mu ofesi muja. Tikalengeza malo amodzi, maenvulopu ankadzaza makatoni. Palibe amene ankawerenga kalata iliyonse mpaka pansi. Kalaliki ankang'amba envulopu, kutembenuza masamba kufunafuna chinthu chimodzi, kope ya satifiketi yodindidwa chidindo. Ikapezeka, envulopu ipite kudzanja lamanja. Ikasowa, kumanzere. Tsiku lina ndinatola ina kumanzereko. Mnyamatayo anali atalemba Chingerezi chosalala, ndipo anaikamo transcript ya zaka zitatu za Economics, magiredi abwino kuposa a anthu ambiri a kumanja. Pansi analemba kuti anaima chifukwa bambo ake anamwalira. Ndinapita nayo kwa abwana. Anaiyang'ana, anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti malamulo a malowo akufuna digiri kapena dipuloma, ndipo oyendera mabuku akadzabwera iwo adzayankha chiyani. Amene tinamutenga anali ndi dipuloma ya zaka zitatu. Onse awiri anakhala m'kalasi zaka zofanana. Papepala mmodzi anali ndi dipuloma, winayo anali wa Giredi 12.

Umu ndi mmene digiri imasiyanirana ndi nyumba. Nyumba ukaimanga kufika pawindo n'kutha ndalama, njerwa zako zilipo, ukhoza kufolera chipinda chimodzi n'kumagonamo kapena kugulitsa puloti. Digiri yofika pawindo ilibe wogula. Nzeru zimene munthu anatola zimakhala m'mutu mwake ndithu, sindikukana, koma olemba ntchito, makamaka boma, amaika munthu pamlingo wa malipiro potengera pepala. Ndipo ngongole ya zaka zitatu zija simafufutika chifukwa choti sunavale gauni.

Wina anena kuti, nanga madigiri ali mbwee m'tauniwa, ena akugulitsa salaula kumsika wa Soweto, ena ali m'mabuthu a mobile money, phindu lake n'chiyani? Funsoli ndi lachilungamo. Mu 2022 boma litalengeza kuti lilemba aphunzitsi 30,000, ofunsira anaposa 100,000, ena atadikira zaka zambiri chimalizireni koleji. Chaka chomwecho linalembanso ogwira ntchito zachipatala oposa 11,000. Ambiri anatsala, n'zoona. Koma taonani amene analowa. Anali anthu amene mapepala awo anali m'sutikesi, okonzeka, ena akugulitsa tomato podikira. Amene anasiyira panjira sanathe ngakhale kuponya envulopu. Pepala siliwola, ndipo mwayi wa mtundu umenewu subwera ndi chenjezo loti thamanga ukamalize.

Ndili ndi msuweni amene anasiya chaka chachitatu pa yunivesite ina kuti azitamanga ndi bizinesi ya mabuthu a mobile money. Nthawi imeneyo mabuthu anali ochepa ndipo iye anali ndi atatu, ankapeza ndalama kuposa anzake amene anatsala m'kalasi, ndipo ankatiseka. Sindinganame kuti anasauka, lero ali ndi kantemba kake ndi galimoto yonyamula anthu. Koma mabuthu atadzaza ngodya iliyonse phindu linachepa, ndipo pamene anafuna kubwerera anapeza silabasi inasintha, nthawi yololedwa kumaliza inadutsa, ndipo iye anangosowa osalemba kalata. Pamenepa pali phunziro laling'ono koma lofunika. Mayunivesite ali ndi njira yoimitsa maphunziro mwachilolezo. Zinthu zikathina, mwana alembe kalata kwa mkulu wa sukulu yake, asunge kope yodindidwa, adziwe kuti aloledwa kukhala kunja nthawi yaitali bwanji. Wochoka mwakachetechete amalembedwa ngati wolephera mayeso amene sanalembe.

Sindikunena kuti munthu aumirire kosi imene ikumudwalitsa. Kusintha kulipo, koma kuli ndi nyengo yake ngati kubzala. Kusintha kumapeto kwa chaka choyamba kumadya chaka chimodzi, mwinanso osadya n'komwe ngati makosi ena akufanana. Kusintha chaka chachitatu kumadya munda. Ndipo kusinthasintha, lero Law, mawa Public Health, mkuja IT, ndi kuja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Palinso chipata china chimene chimabwera gauni itavulidwa kale. Digiri ya zamalamulo siipanga munthu kukhala loya woima m'khoti. Ayenera kudutsa ku ZIALE, sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya, kumene kumafuna ndalama zina ndipo n'kodziwika kuti ambiri sakhoza ulendo woyamba. Wa zowerengera ndalama amalembetsa ku ZICA, injiniya ku EIZ, mphunzitsi ku Teaching Council of Zambia, namwino ku Nursing and Midwifery Council, ndipo madokotala, ma clinical officer ndi anzawo ku HPCZ. Mabungwe amenewa ndi amene muyenera kuwafunsa musanalipire ngwee, makamaka ngati sukuluyo si yaboma. Higher Education Authority imalembetsa mayunivesite ndi kuvomereza makosi awo, TEVETA imayang'anira makoleji a ntchito zamanja, ZAQA imatsimikizira mapepala. Chenjerani apa: sukulu kukhala yolembetsedwa ndi nkhani ina, kosi imene mwana wanu akufunayo kukhala yovomerezeka ndi nkhani inanso. Chikwangwani chachikulu pamsewu ndi chithunzi cha ana ovala magauni si umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mayunivesite omwe si aboma ophunzitsa bwino kwambiri, ndipo amenewo sakwiya mukapempha kuona kalata yovomereza kosi.

Nanga tisankhe potengera chimene mwana amakonda kapena chimene chili ndi msika? Ine msika sindiukhulupirira kwambiri, chifukwa umene mukuuona lero si umene mwana adzaupeze pakatha zaka 4 kapena 5. Ntchito za ku migodi zimakwera ndi kutsika ndi mtengo wa kopa. Anthu akamva kuti anamwino alembedwa, chaka chotsatira makoleji a unamwino amasefukira, ndipo onsewo adzatulukira limodzi. "Kukonda" nakonso ndi mawu oterera, mwana wa zaka 18 amakonda yunifomu ndi ulemu, ntchitoyo sanaione. Chimene ndimayang'ana ine ndi phunziro limene mwana amalichita popanda womutuma, limene akalakwitsa amabwererapo yekha mpaka alipeze. Limenelo ndi limene lidzamunyamule chaka chachitatu, BC itachedwa, magetsi atazima, mayeso ali mawa. Kenako apite akaone ntchitoyo ndi maso. Wofuna unamwino akakhale tsiku limodzi pabenchi ya kiliniki ya m'komboni, aone mzere, amve fungo, acheze ndi namwino amene wachezera usiku. Wofuna uinjiniya akaime padzuwa pamalo omanga. Kwa wathuyu sitinavutike. Kuyambira Giredi 10 ndi iye amene amalemba buku la chilimba cha azakhali ake, ndipo tsiku lina anagwira K50 imene inasowa miyezi iwiri.

Tisaiwalenso kuti makwerero ali ndi masitepe apansi. Makoleji monga Evelyn Hone, NIPA, NRDC, ZCAS ndi ena a TEVETA amapereka masatifiketi ndi madipuloma a zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kuyambira 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) zitakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, muli gawo la basare ya maphunziro a luso, yofunsira kudera kwanu komweko. Madzi atachepa ku Kariba mu 2024 magetsi n'kumazima maola ambiri, amene foni zawo sizinkapuma anali oika masola, amagetsi ndi okonza mapampu. Munthu wa dipuloma akayamba ntchito akhoza kukweza maphunziro madzulo kapena mwa distance, ndipo mayunivesite ambiri amamuchotserako makosi ena amene anachita kale. Njirayi ndi yaitali, koma sitepe iliyonse ili ndi pepala lake, moti ukaima pakati suima chimanjamanja. Banja limene kope lake lija likukana zaka 5 lisachite manyazi kuyambira apa.

Mwanayu analemba Accountancy pamalo oyamba, Economics pachiwiri, ndipo tinatenganso fomu ya dipuloma kuti ikhale pambali ngati loni itakana. Chovuta chinali kuimbira ku Katete. Mlongo wanga anakhala chete nthawi yaitali, ndinkangomva nkhuku.

"Ndiye achimwene, kuno ndiwauza chiyani anthu? Poti abusa anamupempherera kale ngati dokotala."

Ndinati awauze kuti mwana akukaphunzira kusunga chuma cha makampani, ndipo zipatala nazonso zili ndi maofesi a ndalama. Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kokhutira. Kenako anafunsa kuti pamizere ija dzina lawo lili pati. Ndinawauza kuti chaka chachiwiri ndi chachinayi, lendi ndi ufa. Anati soya wa chaka chino asagulitsidwe msanga, adikire mtengo ukwere. Mzere wachisanu uja, wa chaka cha mwina, ukadali wopanda dzina, ndipo kopelo lili pamwamba pa kabati.